Chitupa, khadi, laisensi, tsopano foni

Aphunzitsi anzanga ndi inu amene ndinakuphunzitsani, kuno kuchigwa funso loti "ndiwe yani?" ndi lakalekale. Nsanje ikadali Port Herald, mwamuna ankayenda ndi chitupa cha msonkho. Nthawi ya Kamuzu kunali khadi lachipani. Ukapanda nalo ayufi ankakubweza pachipata cha msika. Kenaka kubanki ankalemekeza laisensi yoyendetsera galimoto, koma ku Makhanga anali nayo ndi angati? Ambirife tinkadalira kalata ya anyakwawa mpaka chiphaso cha unzika chinadza mu 2017.

Ku Arizona, m'dziko la America, kuyambira 2022 laisensi imasungika mu iPhone. Ine sindikutengeka nazo kwenikweni. Madzi a namondwe Freddy mu 2023 anakokolola ziphaso ndi mafoni omwe. Chinatsala ndi zidindo za zala zathu m'makompyuta a NRB.