Nkhope ya Shaka imene tinaidziwira pa tepi

Mukafunsa Mmalawi kuti Shaka ankaoneka bwanji, amakufotokozerani munthu wamtali, wa thupi lolimba, wa maso osaphethira. Amene akufotokozedwayo ndi Henry Cele, yemwe anali goloboyi wa mpira asanayambe zisudzo. Shaka weniweni anaphedwa ndi abale ake, Dingane ndi Mhlangana, mu 1828, ndipo palibe kamera imene inamujambulapo.

Sewero la Shaka Zulu linatuluka pa kanema wa SABC ku South Africa mu 1986, lili ndi zigawo 10, ndipo analiongolera ndi William C. Faure. Kwathu kuno wailesi ya kanema ya TVM inayamba mu 1999, choncho ambiri analionera pa matepi a VHS m'nyumba zoonetsera vidiyo za m'misika. Ife obadwa mochedwa tinalipeza pa ma DVD okopera, zigawo zonse atazipanikiza pa chimbale chimodzi.

Njira zonsezi zimawononga chithunzi. Tepi ya VHS imaonetsa mizere pafupifupi 240 yokha, ndipo ikamakopedwa kuchokera ku tepi inzake mitundu imasuluka, mdima n'kumakula. Sewero limeneli lili ndi mbali zambiri zojambulidwa usiku, pa kuwala kwa moto ndi mu utsi. Pa tepi yotopa, nkhope za azungu monga Edward Fox ndi Robert Powell zimaonekabe, koma khamu la asilikali a Chizulu limasanduka chigulu chakuda chopanda nkhope. Mikanda, zikopa ndi mitundu ya zishango, zimene zinkasiyanitsa magulu a nkhondo, zonse zimamira.

Chimene chinapulumuka pa kuwonongeka konseku ndi luso la Cele. Iye sankadalira timakwinya ta pankhope timene tepi imafufuta. Ankasewera ndi kaimidwe, kutembenuza khosi pang'onopang'ono, kukhala chete nthawi yaitali, kenaka mawu otsika ochokera pachifuwa. Dudu Mkhize, amene anasewera ngati Nandi mayi ake a Shaka, nayenso ankalamulira ndi mawu. Ndikuganiza kuti n'chifukwa chake Cele, yemwe anamwalira mu 2007, anatsalira m'mitu mwathu kuposa nkhani yeniyeniyo.

Vuto langa lagona pamenepa. Luso lamphamvu chotere limatiiwalitsa kufunsa kuti akusimba nkhaniyi ndani. M'seweroli wosimba ndi Henry Fynn, mzungu amene anafika ku Port Natal mu 1824 pa nkhani za malonda pamodzi ndi Francis Farewell. Zolemba za Fynn zimene tili nazo anazilembanso patapita zaka, zoyambirira zitatayika. Mnzake Nathaniel Isaacs anamulembera kalata yomulimbikitsa kuti mafumu a Chizulu awaonetse ngati anthu okonda kukhetsa mwazi kuti buku likope owerenga. Akatswiri a mbiri monga Carolyn Hamilton ndi Dan Wylie afufuza mozama mmene chithunzi cha Shaka chinawumbidwira. Tisaiwalenso kuti SABC inali kanema wa boma la tsankho, ndipo mu 1986 boma limenelo linkalamulira dziko ndi malamulo a nthawi ya chipwirikiti. Mfumu yakuda yopha anthu ake omwe inali nkhani yoti boma lotero silikanaikana.

Kwa ife iyi si nkhani ya eni ake okha. Zwangendaba anawoloka Zambezi mu 1835 ndi anthu amene anachoka kum'mwera pa nthawi ya nkhondo zimenezi, ndipo zidzukulu zawo ndi Angoni a ku Mzimba. Angoni a Maseko ku Ntcheu nawonso amaloza komweko. Mwana wa Chingoni akamaphunzira za makolo ake kudzera pa chimbale cha mumsika, amalandira mbiri yodutsa m'maso mwa Fynn, m'manja mwa SABC, kenaka m'makina okopera.

Mu 2023 kanema wa Mzansi Magic anatulutsa Shaka iLembe m'Chizulu, Lemogang Tsipa akusewera ngati Shaka wamkulu, Nomzamo Mbatha ngati Nandi. Chithunzi chake n'chowala, mkanda uliwonse ukuoneka, ndipo ndinasangalala kumva mafumu akuyankhulana m'chinenero chawo. Komabe nalonso ndi sewero, lili ndi amene anasankha zoti tione. Tepi yakale ija inkatichenjeza yokha ndi mizere yake kuti tikuonera chinthu chokopera. Chithunzi cha lero sichichenjeza, choncho funso loti akusimba ndani tiyenera kulifunsa tokha.