Zaka 50 za chimbale chimodzi cha Amanaz

Anyamata asanu a ku Kitwe analowa mu situdiyo ya Malachite ku Chingola, najambula nyimbo 12 m'masiku atatu okha. Chimbalecho chinatuluka mu 1975, dzina lake Africa. Sanatulutsenso china. Pasanapite nthawi gulu lawo, Amanaz, linabalalika, ndipo kwa zaka zoposa 30 ankalikumbukira ndi anthu owerengeka chabe amene analionera likuimba m'malo azisangalalo a ku Copperbelt. Mu 2025 chimbalechi chinakwanitsa zaka 50, ndipo amene akuchimvera lero ndi ochuluka kutalitali kuposa amene anachimva chili chatsopano.

Gululi linayamba mu 1973. Keith Kabwe ndiye anali patsogolo pa kuimba, Isaac Mpofu ndi John Kanyepa ankaliza magitala, Jerry Mausala anali pa besi, ndipo Watson Lungu pa ng'oma. Kuimba ankasinthana, n'chifukwa chake mukamamvera chimbalechi mawu amasintha nyimbo ndi nyimbo, ena osalala, ena osasa. Nyimbo zisanu ndi zinayi ndi za m'Chingerezi, zitatu za m'Chibemba.

Kitwe wa nthawi imeneyo sanali mudzi wogona msanga. Migodi ya kopa inkalipira, ndipo mwezi ukatha anthu ogwira ntchito m'migodimo ankafuna kovina ndi komwera. Makampani a migodi anali ndi makalabu ndi maholo, mahotela ankafuna magulu oimba, m'masitolo munkapezeka mbale za Jimi Hendrix, Deep Purple, Black Sabbath ndi James Brown. Achinyamata anazimvera mpaka kuziloweza, kenako n'kuyamba kupeka zawo. Umu ndi momwe munabadwira chamba chimene chinatchedwa Zamrock, cha magulu ngati Musi-O-Tunya, WITCH ndi Ngozi Family. Boma nalo linaikapo dzanja: Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo 95 mwa 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za ku Zambia. Cholinga chake chinali chokweza chikhalidwe cha dzikolo, ndipo sindikhulupirira kuti m'maganizo mwake munali anyamata a mabuluku otambalala kumiyendo ndi magitala olira mwaphokoso. Koma wailesi inafunika nyimbo zodzaza maola onsewo, ndipo anyamatawo ndiwo anali nazo. Ku Ndola kunali kampani ya Teal yosindikiza mbale, komanso Zambia Music Parlour ya Edward Khuzwayo, yomwe inatulutsa Africa. Kutsidya la malire, ku Malawi wa Kamuzu, mnyamata wa tsitsi lalitali chotero akanayamba wakumana ndi lumo asanakhudze n'komwe gitala.

Ogulitsa nyimbo zakale amakonda kunena za Amanaz ngati gulu laphokoso, ndipo umboni wawo ndi History of Man. Nyimboyi ndi yolemeradi. Gitala amadutsa m'kabokosi ka fuzz, kamene kamaphwanya mawu ake kuti azituluka okhakhala, ndipo kamzere kamodzi kamangobwerezedwabwerezedwa uku ng'oma zikugunda mosanyengerera. Koma amene angaweruze chimbale chonse potengera nyimbo imeneyi waphonya. Phokoso linali la Paul Ngozi wa Ngozi Family, chionetsero chinali cha Jagari Chanda wa WITCH. Mphamvu ya Amanaz inali kudekha. Mverani Khala My Friend: imayamba ndi gitala wofewa, wosathamanga, mawu akubwera motsitsa ngati a munthu amene akunyengerera mnzake kuti asanyamuke kukada. Gitala wa fuzz akalowa salanda bwalo ayi, amalira chapansipansi, n'kubwerera. Sunday Morning ndi chimodzimodzi, yaulesi wokoma, yosafulumira kufika kumene ikupita. Anyamata achichepere amene apatsidwa masiku atatu okha mu situdiyo, kawirikawiri amafuna kuonetsa zonse zimene zala zawo zimatha. Awa anadziletsa, ndipo m'kuona kwanga n'chifukwa chake chimbalechi sichinakalambe monga zinakalambira zina za m'nyengo yake.

Nyimbo za m'Chibemba zili ndi kayendedwe kena. Mu Nsunka Lwendo ng'oma ndi mawu zimatengera kavinidwe ka kumudzi, pamene magitala ali pa rock. Pamenepa ndi pomwe mumamva kuti sanali kungotsanzira za ku London.

Zimene zinatsatira si zachilendo kwa aliyense wodziwa mbiri ya Zambia. Mtengo wa kopa unagwa chapakati pa zaka za m'ma 1970, ndalama zakunja zinasowa, ndipo zipangizo zoimbira ndi zopangira mbale zinali zoitanitsa kunja. Nkhondo ya ku Rhodesia itafika mpaka pafupi ndi Lusaka mu 1978, kunabwera malamulo oletsa kuyenda usiku ndi kuzimitsa magetsi, pomwe woimba amadyera usiku. Kenako disco, kenako kalindula, kenako makaseti ojambulidwa mwachinyengo. Edzi inamaliza zotsala: oimba ambiri a Zamrock anapita m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, Paul Ngozi anamwalira mu 1989. Kabwe anadzakhala m'busa. Jagari anakathera kokumba miyala yamtengo wapatali.

Mbale zenizenizo zinatsalira m'makatoni ndi pansi pa mabedi, zambiri zitakalika chifukwa cha singano zobuntha ndi fumbi. Matepi ambiri oyambirira a nyimbo za nthawi imeneyo anatayika. Choncho anthu a ku Ulaya ndi ku America atayamba kusakasaka nyimbozi, nthawi zambiri ankadalira mbale yakale yomwe yasungika bwinoko, n'kuijambula, n'kuchotsa kuthetheka ndi kompyuta. Ntchitoyi ndi yofuna kusamala, chifukwa ukachotsa kwambiri umachotsera limodzi kuwala kwa zitsulo za ng'oma ndi mpweya wa woimba. Ukasiya kwambiri, omvera amamva mbale m'malo momva nyimbo.

Kampani ya ku Germany ya Shadoks ndiyo inayamba kutulutsanso Africa mu 2008. Koma ntchito yaikulu inachitika mu 2015 ndi Now-Again ya ku Los Angeles, ya Eothen Alapatt, amene ambiri amamudziwa kuti Egon. Iwowa anali atatulutsa kale zimbale za WITCH m'bokosi limodzi mu 2012. Pa Amanaz anaonetsa chinthu chimene ambiri sankachidziwa: chimbalechi chinagulitsidwa ku Zambia m'mitundu iwiri, nyimbo zofanana koma kasakanizidwe ka mawu kosiyana. Mtundu umodzi ndi wouma, mawu a oimba ndi ng'oma zili patsogolo, zomveka ngati muli nawo m'chipinda. Mtundu winawo anauthira reverb yambiri, mawu ndi ng'oma zikumira chapatali, magitala ndiwo akukwera pamwamba. Now-Again sinasankhe, inaika yonse iwiri m'chikuto chimodzi.

Anachita bwino, chifukwa iwiriyi imanena zosiyana za gulu limodzi. Wa reverb ndi umene umakopa okonda nyimbo za psychedelic ndi progressive rock, ndipo ndi womwe unapatsa Amanaz mbiri ya gulu lachinsinsi la kutali. Ine ndimakonda woumawo. Mmenemo Watson Lungu amamveka bwino, ndipo mumazindikira kuti kudekha kwa nyimbozi kwatsamira pa dzanja lake, limene silithamanga ngakhale magitala atatentha. Mumamvanso timaphonyo ta masiku atatu aja, mawu otsalira pang'ono, gitala wolowa mochedwa, zimene utsi wa reverb umabisa.

Mu 2017 Now-Again inatulutsa Welcome to Zamrock!, zimbale ziwiri zosonkhanitsa magulu ambiri, pamodzi ndi mbiri yomwe analemba nawo Leonard Koloko, mlembi wa ku Zambia. Kuchokera apo nyimbozi zinayenda zokha. Travis Scott anatapa mu Nsunka Lwendo popanga Sirens, ya m'chimbale chake cha Utopia mu 2023, ndipo chaka chotsatira Tyler, the Creator anatapa mu nyimbo ya Ngozi Family popanga Noid. Achinyamata ambiri a ku Lusaka ndi ku Lilongwe anamva magitala a ku Copperbelt koyamba kudzera mwa oimba a ku America amenewa, ndipo izi zimandiwawa pang'ono. Mbale yatsopano ya Africa ndi yosavuta kuipeza m'sitolo ya ku Berlin kusiyana ndi ku Kitwe, ndipo mtengo wake si wa mwana wa munthu wa mumgodi. Chomwe chathandiza ndi foni, popeza nyimbo zonse 12 zili pa intaneti.

WITCH inadzukanso, Jagari ali patsogolo pamodzi ndi Patrick Mwondela ndi oimba achinyamata a ku Ulaya, ndipo yakhala ikuimba m'mayiko ambiri. Amanaz sinabwererenso ngati gulu. Koma pomwe WITCH inkajambula Zango ku dB Studios mu Lusaka, chimbale chomwe chinatuluka mu 2023, anaitana abusa a Kabwe kuti adzaimbe nawo nyimbo ya Nshingilile, ndipo anabwera.