Masitolo Akale a ku Mitundu ndi ku Nathenje

Misewu iwiri

Mukatuluka mu mzinda wa Lilongwe kulowera kumwera, msewu umagawikana. Wina ndi M1, wopita ku Dedza mpaka ku Blantyre. Umenewu umadutsa pa Nathenje. Winawo umapatukira kudzanja lamanja, kudzera ku Bunda, n'kukafika pa Mitundu.

Agogo athu akati "ndapita kusitolo", sankanena za ku tauni ayi. Ankanena za pa Mitundu, pa Nathenje, kapena pa Kamphata pomwe pamapatukira msewu wa ku Nkhoma. Ku Lilongwe munthu ankatha chaka osapondako. Mchere, sopo ndi nsalu ya pa Khirisimasi ankazipeza pomwepa.

Fodya ndiye adaitana sitolo

Sitolo siimangidwa pomwe palibe ndalama. M'dera lino ndalama zidabwera ndi fodya. M'chaka cha 1920 azungu awiri, A. F. Barron ndi R. W. Wallace, adatsegula minda ku Mbabzi, m'boma lomwe lino la Lilongwe. Adagawira anthu a m'midzi mbewu, n'kumawagula fodya wa chikopa. Ulimiwu udafala msanga. Mu 1926 boma la atsamunda lidakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board kuti liziyang'anira alimiwo ndi misika yawo.

Mlimi ankagwira ndalama kamodzi pa chaka, atakolola. Zoyamba kutuluka zinali za msonkho. Zotsalazo ndiye za kusitolo. N'chifukwa chake amalonda ankamanga pafupi ndi msika wa mbewu. Munthu akachoka pa sikelo, ndalama zili m'manja, khomo la sitolo lili potero. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti malonda ankayenda. Ikafika Januwale, mwini sitolo ankatandala tsiku lonse atagulitsa mchere ndi machesi okha.

Mandala, Kandodo ndi Amwenye

Panali makampani awiri a azungu omwe mayina awo sadaiwalikebe. Mandala inali ya African Lakes Corporation. Kampaniyi idayamba mu 1878, ndipo ankaiyendetsa anali abale awiri a ku Scotland, John ndi Frederick Moir. Kandodo inali ya London and Blantyre Supply Company. Onsewa adali ndi masitolo m'maboma ndi m'malo ambiri a malonda.

Tisaiwale chinthu chimodzi chowawa. M'masitolo ena a azungu m'tauni, munthu wakuda sankaloledwa kulowa. Ankagulira pawindo, ndalama yake ili yofanana ndi ya mzungu.

Sitolo imene munthu wa kumudzi ankaidziwa bwino inali ya Mmwenye. Inali nyumba ya njerwa zootcha, yofolera ndi malata, ya khonde lalikulu lokhala ndi nsanamira. Kutsogolo kunali sitolo, kuseri kunkakhala banja. M'kati munkanunkhira nsalu zatsopano, sopo ndi palafini. M'mashelefu munali mipukutu ya biriwita ndi kaki. Kudenga kunkalendewera ndowa, mapoto ndi matayala a njinga. Pansi panali matumba a mchere ndi makasu. Pa kauntala panali mikanda, singano, ulusi ndi timagalasi todziyang'anirapo.

Mtengo sunkalembedwa pa katundu. Munthu ankanenerera mpaka agwirizane. Nsalu ankayeza pa yadi, ndipo wogula wochenjera sankachotsa diso pa lumo ndi pa chala cha wogulitsa. Akagula zambiri ankapempha basela. Ankalandira singano, kamchere ka m'manja kapena switi ya mwana.

Telala wa pakhonde

Pakhonde la sitolo iliyonse pankakhala telala ndi makina ake a Singer, opalasa ndi mapazi. Nthawi zambiri makinawo anali a mwini sitolo. Telala ankalipira kangachepe, kapena ankasoka zovala zoti zigulitsidwe m'sitolomo.

Zovala zosokeratu zinali zosowa. Bambo ankagula nsalu m'kati, n'kutuluka nayo pakhonde. Telala ankamuyeza pomwepo, n'kulemba manambala pa nsaluyo ndi choko. Ofulumira ankakhala pansi n'kudikira mpaka kabudula atatha. Sabata yoyandikira Khirisimasi telala ankasoka usiku ndi nyale, ndipo mikangano ya madiresi osatha inali yosasowa.

Ntchitoyi siyenera kupeputsidwa. Amalawi ambiri amene pambuyo pake adakhala ndi masitolo awoawo adaphunzira malonda pakhonde lomweli. Ena anali atelala, ena ogulitsa m'sitolo, ena onyamula katundu. Ankaona mmene katundu amabwerera, mmene mtengo umaikidwira ndi mmene ngongole imalembedwera m'buku.

Tiki, sikisi ndi shilingi

Ndalama za nthawiyo zinali za mapaundi. Makobiri 12 ankapanga shilingi imodzi. Mashilingi 20 ankapanga paundi imodzi. Tiki inali makobiri 3, sikisi makobiri 6. Kobiri ya nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland inali yoboola pakati, ndipo ena ankaitunga pa chingwe. Amayi ankamanga ndalama pa nsonga ya nsalu.

Kwacha ndi tambala zidayamba mu 1971. Paundi imodzi idasanduka K2. Shilingi imodzi idasanduka 10 tambala. Achikulire ambiri adapitirizabe kuwerengera m'mashilingi kwa zaka zambiri. Wogulitsa akati "30 tambala", gogo ankayamba watembenuza mumtima kuti ndi mashilingi atatu, kenako n'kumasula mfundo ya nsalu.

Amwenye achoka kumidzi

Kuyambira mu 1970 boma la Dr. H. Kamuzu Banda lidalamula kuti Amwenye asiye malonda a kumidzi m'manja mwa Amalawi. Pofika 1978 ankaloledwa kuchita malonda m'matauni akuluakulu okha, monga Lilongwe, Blantyre ndi Zomba. Mabanja omwe adabadwira ndi kukulira m'malo aang'ono a malonda, olankhula Chichewa ngati wina aliyense, adalongedza katundu n'kupita.

Cholinga chinali chakuti mwini dziko naye alemere. Ena adalemeradi. Koma ambiri amene adalowa m'masitolomo adalibe mpamba wokwanira. Mmwenye ankapatsidwa katundu pa ngongole ndi abale ake a ku Limbe kapena ku Lilongwe. Mmalawi ankayenera kulipira pompopompo. Achibale nawo ankabwera kudzatenga shuga ndi sopo, kumati "tidzalipira tikagulitsa fodya". Masitolo ambiri adatsala ndi mashelefu opanda kanthu, ena adatsekedwa. Amene adavutika kwambiri ndi mayi wa kumudzi, chifukwa tsopano ankayenda mtunda wautali kufuna chinthu chomwe kale chinali pafupi.

Pofuna kutseka mpatawo, padabwera Chipiku. Inali sitolo yopikulitsa, pomwe eni magolosale ankakaoda katundu wambiri pa mtengo wotsika. Mu 1973 kampani ya Press idayambitsa People's Trading Centre, imene tonse tinkangoti PTC. Kumeneko mtengo unali wolembedwa, ndipo kunenerera kunalibe.

Golosale ya ndalama za ku Joni

Magolosale ambiri a m'midzi yozungulira Mitundu ndi Nathenje adayamba ndi thukuta la m'migodi. Anyamata ankalembetsa ku Wenela kupita ku Joni. Ena ankapita ku mafamu ndi ku migodi ya ku Rhodesia. Wobwerako bwino ankafika ndi sutikesi, bulangete, wailesi ndi njinga ya Humber kapena Raleigh. Wanzeru ankagula malata, ngolo ndi ng'ombe, kapena kutsegula kagolosale.

Mu Epulo 1974 ndege yonyamula anthu ochokera ku migodi idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana. Amalawi opitirira 70 adafera pomwepo. Boma lidaimitsa ulendo wa Wenela. Udayambanso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, ndipo udatheratu mu 1988.

M'golosale ya m'ma 1970 ndi 1980 katundu wambiri anali wopangidwa m'dziko momwe muno. Nsalu zinali za David Whitehead ku Blantyre. Shuga anali wa ku Nchalo ndi ku Dwangwa. Panali machesi a Leopard, makasu a Agrimal, tiyi wa Chombe, sopo wa Sunlight ndi Lifebuoy, mafuta ophikira a Covo ndi Kazinga. Zakumwa zinali Sobo, Fanta, Cocopina ndi Cherry Plum. Botolo linkayenera kubwezedwa, choncho mwana ankamwera pomwepo ataima.

Tiyi rumu

Apa ndi pomwe achikulire ambiri amachedwapo akamakumbuka kale. Tiyi rumu inali kanyumba ka zipinda ziwiri. Kutsogolo kunali benchi ndi tebulo loyalapo pulasitiki. Kuseri kunali ketulo yaikulu yodetsedwa ndi mwaye, ili pa mafuwa kuyambira mbandakucha. Tiyi ankabwera m'kapu yaikulu yachitsulo, yotentha mlomo. Wa ndalama ankaitanitsa wa mkaka ndi sikono yopaka Stork. Wosowa ankamwa wopanda mkaka ndi chigumu kapena zitumbuwa. Shuga sankaumira, ndipo tiyi rumu yothira shuga wochepa inkathawidwa.

Kumudzi tiyi sanali chakumwa cha tsiku ndi tsiku. Mlimi akagulitsa mtedza, kulowa mu tiyi rumu kunali kudzithokoza pa ntchito ya chaka chonse. Ankakhala pa benchi limodzi ndi mphunzitsi, mlangizi ndi kapitawo wa msewu. Ambiri okhala pa benchipo anali abambo. Amayi ndiwo ankatunga madzi, kukazinga mandasi ndi kutsuka makapu, koma kukhala pansi n'kumwa nawo kunali kwa apo ndi apo.

Pa shelefu pankakhala wailesi ya Nzeru, yopangidwa ku Blantyre. Anthu ankamvera MBC. Nthawi ya mauthenga achisoni aliyense ankakhala chete, chifukwa umu ndi mmene ambiri ankamvera za maliro a abale awo akutali. Loweruka ndi Lamulungu masana kunali mpira.

Makalata nawo ankafikira m'malo ngati amenewa, kapena kusukulu ndi kutchalitchi. Kalata ya ku Joni ikafika, wosadziwa kuwerenga ankafuna munthu womuwerengera. Zinsinsi za banja, ndalama zimene zatumizidwa, madandaulo a mwamuna kwa mkazi wake, zonse zinkadutsa pakamwa pa munthu wina. Izi zinkapweteka. Amayi ambiri amene adalowa sukulu za kwacha adalowera chifukwa chimenechi, kuti kalata yawo aziwerenga okha.

Malo odyera nsima anali ochepa poyerekeza ndi ma tiyi rumu. Zakudya ankazilemba ndi choko pa bolodi: nsima ya nyama ya mbuzi, ya nkhuku, ya nyemba, ya usipa. Mtsikana ankabwera ndi beseni ndi jagi ya madzi osamba m'manja. Pa Nathenje ankadyapo kwambiri madalaivala a malole a pa M1 ndi anthu odikira basi. Pa Mitundu ankadyapo a ngolo ndi a njinga obwera ku msika. Sukulu ya zaulimi ya Bunda itatsegulidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, kudabweranso anthu olandira malipiro pa mwezi. Kwa eni malo odyera, ameneyu anali kasitomala wa mtundu watsopano, wobwera ngakhale mu Febuluwale.

Sikelo ya ADMARC ndi khadi

ADMARC idayamba mu 1971, kulowa m'malo mwa Farmers Marketing Board. Inkagula chimanga, mtedza ndi fodya wa alimi ang'onoang'ono, n'kumagulitsa feteleza ndi mbewu. Mtengo unali umodzi, woikidwa ndi boma. Msika unali wodalirika, koma mtengowo unali wotsika poyerekeza ndi umene ADMARC inkapeza ikagulitsa kunja. Mlimi wosadziwa manambala ankangovomera zimene kalaliki wawerenga pa sikelo.

Panalinso khadi ya chipani cha MCP. Anyamata a chipani ankaima pa chipata cha msika ndi pokwerera basi. Wopanda khadi ankabwezedwa, ngakhale atasenza dengu la tomato kuchokera kutali. Amene amati kale zonse zinali bwino aiwala chipata chimenechi.

Ulendo wa ku tauni

Lilongwe idakhala likulu la dziko mu 1975. Zinthu zikuluzikulu monga njinga, malata, makina osokera ndi diresi la ukwati ankakazigula kumeneko. Ankakwera basi ya UTM. Akatsika pa depoti ankayenda mu msewu wa Malangalanga ndi ku Bwalo la Njovu, komwe kudadzaza masitolo a Amwenye. Nsapato za mwana wopita ku sekondale zinali za ku Bata. Mwanayo akatsala kumudzi, bambo ankatenga kamtengo kapena chingwe choyezera phazi lake.

Chipata chitatseguka

Mu 1987 boma lidalola anthu wamba kugula mbewu kwa alimi. Kuyambira 1990 alimi ang'onoang'ono adayamba kuloledwa kulima fodya wa bale. Mu 1994 kudabwera boma la zipani zambiri, ndipo malonda adamasuka. Mavenda adadzaza m'mbali mwa msewu. Kaunjika adatsitsa mtengo wa zovala. Ma minibasi adafupikitsa ulendo wa ku tauni, moti chinthu chimene kale munthu ankachidikira mwezi wonse tsopano amakachitenga m'mawa n'kubwerako masana.

Mayina akale adayamba kuzimirira. Mandala idasiya masitolo a kumidzi kalekale. Kandodo idatha. UTM idasanduka Stagecoach, kenako Shire Bus Lines, nayonso n'kutha. PTC idagulitsidwa ndi Press mu 2022, ndipo masitolo ake adatsekedwa.

Lero pa Mitundu ndi pa Nathenje pali masitolo ambiri kuposa kale. Pali ogulitsa feteleza ndi mbewu, maokala, ziwaya za tchipisi ndi kanyenya, a kabaza, ndi timatebulo ta Airtel Money ndi Mpamba. Shuga, mafuta ndi sopo waufa amazigulitsa m'timapepala ta tsiku limodzi. Tiyi rumu ikadalipo, ndipo pambali pa sikono pali mabanzi a Obama. Telala nayenso sadachoke pakhonde. Ntchito yake yambiri tsopano ndi kuchepetsa zovala za pa kaunjika, kusoka mayunifolomu a ana a sukulu ndi a amayi a mvano, ndi kudula zitenje za pa ukwati.