Kuyang'anira kapena kuzonda?

Mawu oti kuyang'anira ndi okoma m'khutu. Mayi amayang'anira mwana, mbusa amayang'anira ng'ombe. Boma likafuna kutchera khutu ku mafoni a anthu limasankhanso mawu omwewa, pomwe mwini foni akadafunsidwa akadati akumuzonda, akumulondalonda. Mawu achingerezi oti surveillance adachokera ku Chifalansa, ndipo amanena za munthu woyang'ana ali pamwamba. Wapamwambayo ndiye amatcha dzina zimene akuchitazo.

George Orwell adazindikira zimenezi polemba buku la Nineteen Eighty-Four, lomwe lidatuluka mu 1949. Wolamulira dziko la Oceania adamutcha Big Brother, achimwene aakulu, munthu amene pamudzi timamuthamangira zinthu zikavuta. Unduna wozunza anthu adaupatsa dzina la chikondi. Pakhoma pa nyumba ya Winston Smith, mtengambali wamkulu wa m'bukuli, pali telescreen, chipangizo chonga wailesi yakanema chimene iwe ukamachiona nachonso chikukuona, ndipo sichizimitsika. Palinso thoughtcrime, mlandu wongoganiza zosiyana ndi chipani, ndi apolisi akeake osaka maganizowo.

Chimandiwawa kwambiri m'bukumo n'chakuti Winston sadziwa nthawi imene akuonedwa, choncho amakhala ngati akuonedwa nthawi zonse. Nzeru imeneyi idayamba kale. Mu 1791 Jeremy Bentham adasindikiza mapulani a ndende yozungulira yotchedwa panopticon: nsanja pakati, zipinda m'mbali, mlonda osaoneka. Mkaidi amayamba kudzilondera yekha, ngakhale m'nsanjamo mutakhala mopanda munthu. Amene adakula m'nthawi ya Kamuzu safunika kuwamasulira. Amakumbukira kutsitsa mawu m'basi, kuyamba wacheuka usanatchule dzina la mtsogoleri, kusadziwa ngati womwa naye mowa ndi wa Special Branch. Wolemba ndakatulo Jack Mapanje adamangidwa mu 1987 nakhala ku Mikuyu mpaka 1991 osaonekera kukhoti. Ku East Germany, pofika 1989 bungwe la Stasi linali ndi antchito oposa 90,000 komanso akazitape oposa 170,000 pakati pa anthu wamba, ena akuneneza abale awo.

Ukazitape wotere umafuna khutu la munthu ndi faelo ya papepala, ndipo ndiwo umene mawu a Orwell amaugwira bwino. Koma tikamamatira mawuwo, tizingoyembekeza nkhope yoopsa pakhoma, pomwe wozonda wa lero alibe nkhope.

Mawu ofunika kuwadziwa tsopano ndi metadata. Mu June 2013 Edward Snowden adaulula kuti bungwe la NSA la ku America limatolera kaundula wa mafoni a makasitomala a kampani ya Verizon. Akuluakulu a boma adayankha kuti palibe amene amamvetsera zokambirana za anthu. Koma wozonda safunikanso kumva mawu. Metadata ndi zonse zozungulira uthenga: ndani waimbira ndani, nthawi yanji, kwa mphindi zingati, ndipo makampani a mafoni amadziwanso nsanja imene foni idali pafupi nayo. Ine ndimaitcha mapazi. Mlenje wodziwa ntchito sadikira kuona gwape. Amawerenga pansi n'kudziwa kumene nyamayo imamwa madzi, nthawi yake, ndiponso ngati ikutsimphina. Munthu akaimbira dokotala, kenaka m'busa, kenaka mlongo wake pakati pa usiku, mapaziwo anena kale zimene pakamwa pake padabisa.

Pa mapazi amenewa pamera mawu ena. Predictive policing ndi kugwiritsa ntchito kompyuta kulosera kumene umbanda ungachitike, zofanana ndi zimene Philip K. Dick adazilota mu 1956 m'nkhani ya The Minority Report, momwe munthu amagwidwa asanapalamule. Shoshana Zuboff adatchukitsa mawu oti surveillance capitalism, kutanthauza malonda ogulitsa mbiri ya zochita zathu. Apa ndi pomwe Orwell sadafike. Winston telescreen adachita kumuikira, pomwe ife foni timagula tokha, n'kuthiramo mayunitsi, n'kugona nayo kumutu.

Sindikunena kuti kaundula aliyense ndi woipa. Wakuba pa foni ayenera kupezeka. Chondidetsa nkhawa ndi funso lakuti amatsegula kaundulayo ndani, ndipo woweruza adamulola kapena ayi. Kuno ku Malawi funsoli lidakula mu 2018, pomwe aliyense adalamulidwa kulembetsa simukhadi yake ndi chiphaso. Kuyambira pamenepo, phazi lililonse lili ndi dzina la mwini wake.