Mankhwala Omata Tayala: Ubwino ndi Kuipa Kwake

Mankhwala omata tayala ndi madzi olimbirako, ngati phala lamadzimadzi. Amawathira mkati mwa tayala kapena mwa cubu. Nchito yake ndi kutseka kabowo kakang'ono kuti mpweya usatuluke. Amagulitsidwa m'mabotolo ndi m'zitini. Pa botolo pamalembedwa mawu akuti selante kapena anti-furo m'Cipwitikizi, ndipo sealant m'Cingerezi.

Kuno ku Metangula, tayala likaphwa si nkhani yamasewera. Kucoka pano kukafika ku Lichinga ndi makilomita oposa 100. Njira za ku Cóbuè ndi ku Meluluca zili ndi miyala, mcenga ndi minga. Wa mota atanyamula nsomba zaziwisi sangakhale pamseu tsiku lonse, nsomba zingaole. Amene wanyamula mayi wodwala kupita naye kucipatala sangadikire. Ndiye munthu akamva zoti kuli mankhwala otseka bowo okha, mtima umafuna kugula. Koma musanatulutse ndalama, dziwani zimene mankhwalawa amatha, ndi zimene sangathe.

Amagwira bwanji nchito?

Ganizani za bwato limene layamba kulowa madzi. Msodzi amatenga kansanza n'kukakanikiza pamng'alu, madzi n'kuleka kulowa. Mankhwalawa amacita cimodzimodzi. M'madzi ake muli timaulusi ndi tizidutswa ta labala. Munga ukabaya tayala, mpweya umathamangira pabowopo kuti utuluke. Pothamangapo umakankha mankhwala aja. Timaulusi timapanikizana pabowo mpaka kutseka. Nthawi zina woyendetsa sadziwa n'komwe kuti wabayidwa.

Pali cinthu cimodzi cofunika kucimvetsa. Tayala likamazungulira, mankhwala amathawira kunja, kumbali imene imaponda pansi. Zili ngati madzi a m'ndowa: mukaizunguza mwamphamvu, madzi amakakamira pansi pa ndowa. N'cifukwa cake mankhwalawa amatseka bowo la pamene tayala limaponda, koma safika bwino m'mbali mwa tayala kapena kufupi ndi limu.

Mitundu itatu

Mtundu woyamba ndi wa timaulusi. Umathiridwa tayala lisanabooke, n'kumadikira mkatimo. Suuma msanga. Wodziwika kwambiri ndi Slime, wobiriwira, wocokera ku America. Opanga ake amati umakhala zaka 2. Amati umatseka bowo lofika mamilimita 3 pa cubu, ndi mamilimita 6 pa tayala lopanda cubu.

Mtundu waciwiri ndi wa utomoni wa labala. Nthawi zambiri umaoneka woyera ngati mkaka. Ukakumana ndi mpweya wakunja umauma n'kutseka bowo. Umatseka msanga, koma umaumanso mkati mwa tayala pakapita miyezi yocepa. Kukatentha, ngati mu Okutobala ndi Novembala kuno kunyanja, umauma mofulumira kwambiri.

Mtundu wacitatu ndi wa m'citini copopera. Uwu ndi wa pangozi, tayala likaphwa kale. Mumalumikiza citini ku valavu, ndipo cimalowetsa mankhwala pamodzi ndi mpweya. Opanga mtundu wa Fix-a-Flat amati tayala likonzedwe bwino pasanathe masiku 3 kapena makilomita 160. Ndiye kuti mungafike ku Lichinga, koma kupita ndi kubwera ayi.

Tayala lanu ndi lotani?

Musanagule, yang'anani tayala lanu. Njinga zopalasa zambiri zili ndi cubu. Mota ya masipoko nayonso nthawi zambiri imakhala ndi cubu. Magalimoto ambiri, ndi mota zambiri zopanda masipoko, ali ndi matayala opanda cubu. Pambali pa tayala lotere pamalembedwa mawu akuti TUBELESS.

Mankhwala amagwira bwino kwambiri pa tayala lopanda cubu. Labala wake ndi wocindikala, ndiye timaulusi timapeza pogwira. Cubu ndi copyapyala ndiponso cimatanuka, ndiye bowo limatha kutsegukanso. Pali mankhwala a cubu ndi ena a tayala lopanda cubu. Werengani pa botolo. Ngati mawu ake ndi ovuta, pemphani wina akuwerengereni. Palibe manyazi pamenepo.

Ubwino wake

Coyamba, amasunga nthawi. Kumasula tayala lakumbuyo la mota, kucotsa cubu, kufunafuna bowo, kumata ndi kumanganso ndi nchito yaitali. Ngati mankhwala atseka kabowo muli paulendo, nchito yonseyo mwaipewa.

Caciwiri, amatseka mabowo ambiri. Munthu akadutsa pa minga ya mthethe amatha kubayidwa malo atatu kapena anayi nthawi imodzi. Mankhwala amene ali kale mkati amatseka onsewo, bola akhale aang'ono.

Cacitatu, amathetsa vuto la tayala lophwa pang'onopang'ono. Mwina mumapopa madzulo, m'mawa mupeza laphwa, koma bowo silikuoneka. Timabowo totere mankhwala amatitseka bwino.

Cacinayi, amakuthandizani kucoka pamalo oipa. Usiku, pamvula, kapena pakati pa chire pamene palibe womata matayala, mumatha kufika pamudzi.

Cacisanu, safuna luso lalikulu. Mayi, bambo kapena wacinyamata akhoza kuthira yekha ngati ali ndi pampu.

Kuipa kwake

Vuto lalikulu ndi lakuti satseka bowo lililonse. Mabowo awa amawakanika:

Kung'ambika kwa m'mbali mwa tayala, monga mwala wakuthwa ukaceka.

Bowo lalikulu la citsulo kapena la botolo losweka.

Mabala awiri oyandikana ooneka ngati mano a njoka. Amenewa amabwera mukagunda mwala tayala lili ndi mpweya wocepa, katundu ali wolemera. Cubu cimapanidwa pakati pa limu ndi mwala.

Bowo la sipoko imene yabaya cubu kucokera mkati.

Valavu yozuka kapena yong'ambika m'tsinde.

Taonani, pa njira za miyala ndi mota zodzaza matumba a usipa, mabowo ambiri amakhala a mitundu imeneyi. Pamenepo mankhwala amangotayika, ndalama n'kupita.

Vuto laciwiri ndi la kumata. Guluu sagwira pa labala wonyowa kapena woterera. Cubu cokhala ndi mankhwala cikang'ambika, womata ayenera kufinya, kutsuka, kuumitsa ndi kupala bwinobwino. Akapanda kutero cigamba cimamatuka mutangoyenda pang'ono. Omata ena amakana cubu cotere, ena amakweza mtengo. Nthawi zina mumangogula cubu cina.

Vuto lacitatu ndi la valavu. Mankhwala sadziwa kusiyanitsa bowo la munga ndi khomo la mpweya. Amatha kutseka valavu, pampu n'kumakana kulowetsa mpweya. Magalimoto ena atsopano ali ndi kacipangizo koyeza mpweya mkati mwa tayala. Nakonso kamatha kutsekeka.

Vuto lacinayi ndi kunjenjemera. Mankhwala akaculuka, kapena akaumbika mbali imodzi, tayala limalemera mbali imeneyo. Pa njinga yopalasa simungamve kwenikweni. Pa mota kapena galimoto yothamanga, ciwongolero cimayamba kunjenjemera. Pa mseu wa phula wotsetsereka kucoka ku Maniamba kubwera kunyanja, pali makona ambiri. Pamenepo tayala lakutsogolo liyenera kukhala labwino.

Vuto lacisanu ndi lakuti amabisa ngozi. Msomali umatha kukhala m'tayala masabata ambiri, mwini wake osadziwa cifukwa mpweya sukutuluka. Msomaliwo umagwedezeka, bowo n'kumakula. Madzi amalowa n'kucititsa dzimbiri mawaya a mkati mwa tayala. Tsiku lina tayala limangophulika.

Vuto lacisanu ndi cimodzi ndi dzimbiri. M'tayala lopanda cubu, mankhwala amakhudza limu. Akakhalitsa, mitundu ina imadya citsulo, makamaka pamene penti inakalika.

Pomaliza, ndi ndalama. Mankhwalawa amacokera kunja, sapezeka pa sitolo iliyonse, ndipo amatha mphamvu. Pakapita nthawi muyenera kugula ena.

Kathiridwe kake

Ngati mwasankha kugula, tsatirani ndondomeko iyi.

1. Onani tsiku lothera nchito pa botolo, kenako likhucumuleni.

2. Zungulizani tayala kuti valavu ikhale cam'mwamba, osati pansi penipeni.

3. Masulani kamtima ka valavu ndi kakiyi kake, mpweya wonse utuluke. Kasungeni bwino, kakagwera mumcenga simukapezanso.

4. Ngati m'tayala muli munga kapena msomali, uzuleni.

5. Thirani muyezo umene walembedwa. Pa mtundu wa timaulusi, tayala la njinga yopalasa limafuna pafupifupi mamililita 120, la mota pafupifupi 240. Musanene kuti ndiwonjezeko kuti agwire bwino. Kuculutsa kumabweretsa kunjenjemera.

6. Pukutani valavu, bwezerani kamtima, popani mpweya wokwanira.

7. Yendani pang'ono nthawi yomweyo kuti mankhwala afalikire tayala lonse.

Mawa lake yesani mpweya. Ngati waceperako, popaninso. Ngati ukupitiriza kucepa, bowo lawakanika mankhwala, pitani kwa womata. Mukafika muuzeni kuti, "Ambuye, muli mankhwala umu." Akadziwa amasamala maso ake ndi zovala zake.

Mukathira mankhwala a pangozi m'tayala la galimoto, musathamange. Opanga ambiri amati musapitirire makilomita 80 pa ola.

Samalani ana, samalani nyanja

Mankhwala obiriwira kapena oyera angamukope mwana. Iye angaganize kuti ndi cakumwa. Sungani botolo pamwamba, ndipo musawathire m'botolo la zakumwa. Mwana akamwa, thamangirani naye kucipatala, botolo lake mutalinyamula. Akagwera m'maso, sambani ndi madzi ambiri oyera.

Zitini zina zopopera zili ndi mpweya woyaka. Musazisiye padzuwa, pafupi ndi moto, kapena pafupi ndi munthu wosuta fodya. Musabaye citini ngakhale catha.

Musatsukire cubu kapena tayala la mankhwala m'nyanja. Pamenepo ndi pamene anthu amatunga madzi, kucapa ndi kutsuka nsomba. Tungani madzi m'ndowa, tsukirani kumtunda, kutali ndi citsime.

Nanga ndigule kapena ayi?

Yankho lili pa mabowo amene mumakumana nawo. Kumbukirani nthawi zisanu zomaliza zimene tayala lanu linaphwa. Cinabaya n'ciyani?

Ngati zinali minga, tiwaya kapena mbedza zothyoka, mankhwala angakuthandizeni. Ngati kunali kupanidwa kwa cubu pa miyala, mankhwala sangathandize. Cofunika ndi kupopa mpweya wokwanira ndi kucepetsa katundu. Ngati kunali kubayidwa ndi sipoko, ikani lamba wa labala pa limu. Lamba wodula ku cubu cakale amakwana. Ngati tayala latha mpaka ulusi ukuoneka, palibe botolo limene lingalipulumutse. Sungani ndalamazo muwonjezere pogula tayala.

Citaninso masamu. Funsani mtengo wa botolo. Funsani mtengo womatitsa bowo limodzi. Werengani mabowo amene mumamatitsa pa caka. Amene amangoyenda m'tauni ya Metangula mpaka ku Chuanga, omata ali pafupi, mwina sangapindule. Amene amayenda maulendo aatali, nthawi zina usiku, atanyamula anthu kapena nsomba, angapindule cifukwa nthawi yake ndi ndalama.

Ngakhale muthire mankhwala, zinthu izi zisacoke m'cikwama canu: pampu, zigamba, guluu, zitsulo zotsegulira tayala ndi cubu capadera. Mankhwala amakufikitsani pamene pali thandizo. Kukonza kwenikweni ndi cigamba comatidwa bwino kapena cubu catsopano.

Mawu oti muwadziwe

Cubu: thumba la labala losunga mpweya mkati mwa tayala.

Valavu: khomo lolowetsera mpweya.

Kamtima ka valavu: kacitsulo ka mkati mwa valavu koletsa mpweya kubwerera.

Limu: citsulo cozungulira cimene tayala limakhalapo.

Milimita: muyezo wa utali. Mamilimita 10 ndi sentimita imodzi.

Mililita: muyezo wa zamadzi. Mamililita 1000 ndi lita imodzi.