Mpanda Wosaoneka ndi Zipata Zake

Mayi akawaza mchere pa ndiwo zamasamba zimene wangodula kumene, posakhalitsa pansi pa mbale pamadikha madzi. Akaviika nyemba zouma madzulo, kukamacha amazipeza zitatupa. Tonse tinaziona zimenezi tili ana, koma ndi angati mwa ife amene tinafunsapo kuti madziwo amadzera pati? Funso limeneli linasautsa anthu ophunzira kwa zaka zoposa 200, ndipo yankho lake lapulumutsa ana ambirimbiri ku imfa.

Chamoyo chilichonse chinamangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono totchedwa maselo. Dzinali analipereka ndi Robert Hooke wa ku England m'chaka cha 1665, atapenya kachidutswa ka khungwa la mtengo pa maikulosikopu. Komabe iye anangoona makoma a zipinda zakufa. Selo lamoyo limakutidwa ndi nembanemba yopyapyala kwambiri, kotero kuti nembanemba 10,000 zitasanjikizana zingangofanana ndi kuchindikala kwa pepala limene mwagwirali. Popeza maso sakanatha kuiona, anthu anayamba kuizindikira poona ntchito zake, monga mlenje adziŵa nyama poona mapazi ake.

M'chaka cha 1748 Jean-Antoine Nollet, dikoni wa ku France amene ankaphunzitsa za sayansi, anathira moŵa waukali m'kabotolo, natseka kukamwa kwake ndi chikhodzodzo cha nkhumba, nakamiza m'madzi. Patapita maola angapo chikhodzodzocho chinatukumuka, chifukwa madzi analoŵa msanga kuposa mmene moŵa unkatulukira. Apa panaoneka kuti chikopa chopyapyala chimatha kusankha. M'zaka za m'ma 1820 Henri Dutrochet anafufuza mozama kayendedwe ka madzi kameneka, kamene lero kamatchedwa osmosis: madzi amachoka kumene kuli kosukuluka kunka kumene mchere kapena shuga wachuluka. Chinsinsi cha ndiwo zija ndi chimenechi.

Nanga mpandawo unamangidwa ndi chiyani? Pakati pa 1895 ndi 1899 Ernest Overton, ali ku Zurich, anayesa mankhwala mazanamazana pa maselo a zomera, napeza kuti mankhwala osungunuka m'mafuta ndiwo amaloŵa mosavuta. Choncho anati malire a selo ayenera kukhala amafuta. M'chaka cha 1925 Evert Gorter, sing'anga wa ana wa ku Leiden, pamodzi ndi François Grendel, anasungunula mafuta a m'maselo ofiira a magazi nawayala pamwamba pa madzi. Malo amene mafutawo anaphimba anali oŵirikiza kaŵiri kukula kwa kunja kwa maselowo, motero iwo anati mafutawo amagona m'mizere iŵiri. Kachidutswa kalikonse ka mafutawo kali ndi mutu wokonda madzi ndi michira yoŵathaŵa. Mitu imayang'ana kumadzi, kunja ndi m'kati mwa selo, pamene michira imabisala pakati. Pambuyo pake kunadziŵika kuti akuluakulu aŵiriŵa analakwitsa paŵiri: sanachotse mafuta onse, ndiponso anachepetsa muyeso wa maselowo. Zolakwa ziŵirizo zinafafanizana, yankho nkukhala loona. Nkhaniyi iyenera kutichepetsa mtima, pakuti munthu angathe kufika pa choona ngakhale miyeso yake ili yopotoka.

James Danielli ndi Hugh Davson anaphunzitsa mu 1935 kuti mapuloteni amamata mafutawo mbali zonse ziŵiri, monga dothi limata phaso la nyumba. Chiphunzitso chimenechi chinalamulira zaka zoposa 30, koma chinagwa. Mu 1970 Larry Frye ndi Michael Edidin analumikiza selo la mbeŵa ndi selo la munthu, mapuloteni a mbali iliyonse ataŵaika chizindikiro cha mtundu wakewake. Patatha mphindi 40 mitunduyo inali itasakanizika. Mu 1972 Jonathan Singer ndi Garth Nicolson anafotokoza chithunzi chimene ophunzira amachitsatabe: nembanemba si khoma louma ayi, ndi dziŵe la mafuta m'mene mapuloteni amayandama, ena ataboola kuchokera kunja mpaka m'kati.

Mapuloteni oboolawo ndiwo zipata. Mpweya wa okosijeni umapyola mafutawo wokha, koma mchere ndi shuga sizingadutse popanda chipata chake. Zina zimayenda motsetsereka, kuchoka kochuluka kunka kochepa. Zina zimakankhidwa chokwera, ndipo pamenepo selo limalipira ndi mphamvu. Mu 1957 Jens Skou wa ku Denmark, pofufuza mitsempha ya nkhanu, anatulukira pampu imene imatulutsa tizidutswa titatu ta sodiyamu nkuloŵetsa tiŵiri ta potaziyamu. Popanda pampu imeneyi mtima sungagunde, ubongo sungaganize. Iye analandira mphotho ya Nobel mu 1997, zaka 40 zitapita. Chipata chenicheni cha madzi, chotchedwa aquaporin, anachisonyeza ndi Peter Agre mu 1992, patapita zaka 244 chiyesere Nollet chikhodzodzo chake chija.

Wina angafunse kuti zonsezi zili ndi phindu lanji kwa munthu wa kumudzi. Mu 1960 Robert Crane anafotokoza kuti m'matumbo muli chipata chimene chimaloŵetsa sodiyamu ndi shuga pamodzi, ndipo ziŵirizi zikaloŵa, madzi amatsatira. Kolera imachititsa matumbo kukhuthula madzi ndi mchere, koma chipata chimenechi imachisiya chili bwino. Mu 1971, nkhondo ya ku Bangladesh itabuka, sing'anga Dilip Mahalanabis anali pa msasa wa othaŵa nkhondo ku Bangaon, m'dziko la India. Madiripu atasoŵa, iye anamwetsa odwala kolera oposa 3,000 madzi osakaniza ndi mchere ndi shuga pa muyeso woyenera. Imfa, zimene zinali pafupifupi 30 pa odwala 100 alionse, zinatsika mpaka kuchepera 4.

Madzi amenewo ndiwo ORS, amene kwathu kuno ambiri timaŵadziŵa ndi dzina lakuti Thanzi. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'Malaŵi, unatikumbutsa kuti nkhani imeneyi si yakutali. Muyeso wolembedwa pa paketi uyenera kutsatidwa ndithu, chifukwa shuga akachulukitsa amakoka madzi kutuluka m'thupi, monga mchere uchitira pa ndiwo zija.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Overton, Gorter ndi Crane sankadziŵa mwana aliyense wa kuno, ndipo mwina anansi awo ankaona ngati akungotaya nthaŵi ndi magazi a nkhosa ndi matumbo a nyama. Komabe mayi amene wagwirizira kapu pakamwa pa mwana wake wotsekula m'mimba usiku, kuchipatala kuli kutali, akukolola m'munda umene iwo analima.