Mayi Susanna Moodie ndi Buku la Kutchire

Ambiri a ife tikamva za Canada timaganiza za dziko la mwanaalirenji. Koma Mayi Susanna Moodie atafika kumeneko m'chaka cha 1832 anapeza nkhalango, chisanu ndi ngongole.

Mayiwa anabadwa m'chaka cha 1803 ku Suffolk, ku Mangalande, m'banja la a Strickland m'mene ana aakazi ambiri anali olemba mabuku. M'chaka cha 1831 ndiwo amene anakhala pansi kulemba zimene ankalongosola Mary Prince, mayi wachikuda wa ku Bermuda amene anakulira mu ukapolo, ndipo buku lake linathandiza pa nkhondo yothetsa ukapolo. Chaka chomwecho anakwatiwa ndi a John Moodie, msilikali wopuma amene anakhalapo ku South Africa. Kandalama ka a John sikankakwanira, choncho ananyamula khanda lawo nakwera sitima. Anafika ku Quebec kolera ali mkati mopulula anthu.

Poyamba anakhala pafupi ndi Cobourg, kenaka mu 1834 analowera kutchire kwenikweni, ku Douro. Tangoganizani, anzanga: munthu wokulira m'mabuku, woopa ng'ombe, wosadziwa kuphika buledi, lero ali m'nyumba yamitengo. Anansi ankabwereka zinthu osabweza. Zitathina, banjali linkadya agologolo ndi kumwa khofi wa mizu yokazinga ya dandelion, ndipo ndalama yolipira aganyu itasowa mayiwa anagwira okha khasu.

Kutabuka chipwirikiti choukira boma mu 1837, amuna awo anabwerera ku usilikali. Mayi Moodie anatsala ndi ana. Usiku ankalemba nkhani zotumiza ku magazini ya Literary Garland ya ku Montreal kuti apezeko kangachepe. Analembanso kalata kwa bwanamkubwa, Sir George Arthur, kuwapemphera ntchito amuna awo. Ife a m'boma tikudziwa kumene makalata otere amathera, koma iyi inayankhidwa: mu 1839 a John anapatsidwa udindo wa sheriff, ndipo banja linasamukira m'tauni ya Belleville. Kumeneko mu 1844 mwana wawo wamwamuna anamira mu mtsinje wa Moira.

Buku lawo lotchuka, Roughing It in the Bush, linatuluka ku London mu 1852. Cholinga chake chinali kuchenjeza mabanja ophunzira a ku Mangalande kuti asanyengeke ndi otsatsa malo, poti ulimi wakutchire umayanja munthu wozolowera thukuta. Sindibisa, m'bukumu muli mtima wodzikweza. Amanyoza amphawi ochokera ku Ireland, ndipo zinkawapweteka kuti antchito kumeneko sankagwadira bwana. Anthu a mtundu wa Mississauga amawatchula mwaulemu, komabe dziko limene ankaswa mphanjelo linali la anthu omwewo. Chimene ndimawayamikira n'choti sanadzibisire okha: mantha awo, umbuli wawo ndi umphawi wawo zonse zili poyera.

Kusabisako kunawadanitsa ndi ena. Mkulu wawo Agnes, wolemba mbiri ya mafumukazi a ku Mangalande, anachita manyazi kuona dzina lake patsamba loyamba la buku lonena zaumphawi. Ku Canada nako ambiri anaona ngati dziko lawo lanyozedwa, ndipo bukuli linasindikizidwa kumeneko mu 1871, patatha zaka 19.

Mayi Moodie anamwalira ku Toronto mu 1885. Mu 1970 Margaret Atwood anatulutsa buku la ndakatulo lonena za moyo wawo, The Journals of Susanna Moodie.